MBIRI YA MFUMU KAWINGA WA PA PHIRI LA CIKALA

Mau Oyamba

Pambuyo pa nkhani za ndalama ndi za nchito zina za Bungwe, lipoti la caka cino lapatula masamba owerengeka kuti tikumbutsane za munthu mmodzi wakale amene dzina lace likali kumveka m'boma lathu la Macinga. Munthuyo ndiye Mfumu Kawinga, kapena Ce Kawinga monga amachulira Ayao, amene anakhala pa phiri la Cikala namenyana ndi Boma la Angerezi kawiri, mu 1891 ndi mu 1895. Ife a kwa Mposa phirilo timaliona masiku onse popita kumunda ngakhale kunyanja, koma ana athu ambiri akukula osadziwa kuti pamenepo panali mudzi waukuru wa mfumu imene inaopedwa kuyambira ku Shire kufikira ku Ciuta. Mbiri yace siyokoma yokhayokha ai. Muli zonyaditsa, mulinso zocititsa manyazi, ndipo mamembala a Bungwe lino, popeza ena ndi Ayao, ena Anyanja, ena Alomwe, ayenera kumva zonse ziwiri, pakuti makolo athu anapezeka mbali zonse za nkhaniyi.

Dziko Limene Anasankha

Kuti timdziwe bwino munthuyu, tiyambe tayang'ana dziko limene anakhalamo. Kumpoto kwa phiri la Malosa kuli mapiri anai ondondozana kucokera kumadzulo kunka kum'mawa: Cinduzi pafupi ndi Liwonde, kenaka Mongolowe, Caone, ndi Cikala pothera. Kumadzulo kwa mapiriwa kuli cigwa cotentha ca Shire, mtsinje umene ucokera ku Nyanja ya Malawi nupyola m'nyanja ya Malombe. Kumwera ca kum'mawa kwa Cikala kuli dambo lalikuru ndi nyanja ya Cilwa. Nyanjayi iribe mtsinje woturuka. Madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina akalowamo amangocepa ndi dzuwa, ncifukwa cace ali ndi mcere, ndiponso nyanjayo imaphwa pa zaka za cilala cacikuru, monga inacitira mu 1968 ndi mu 1995. Kumpoto kwa Cilwa kuli mtunda wamcenga umene ulekanitsa nyanjayi ndi ya Ciuta. Madzi a Ciuta amapita ku nyanja ya Amaramba, nalowa mumtsinje wa Lujenda, Lujendayo nathira mu Rovuma, kufikira ku nyanja yaikuru yamcere.

Tsono munthu wokhala pa Cikala anali ngati wokhala pakhomo. Anali kuona onse ocokera ku Shire kunka kum'mawa, ndipo njira ya ku gombe, yotsata mtunda wamcenga uja ndi cigwa ca Lujenda, inali pafupi ndi iye. Ngakhale njanje ya ku Nayuci, imene inatsegulidwa mu 1970, inatsata mtunda womwewo pakati pa nyanja ziwirizo. Paphiripo panali madzi, mitengo ndi miyala yobisalamo. Pansi pace panali minda, nsomba za m'Cilwa, ndi mcere umene Anyanja anali kuphika. Mfumu yofuna cuma ndi citetezo pamodzi sikanapeza malo oposa amenewa.

Kumene Anacokera

Eni dziko lino Ayao asanafike anali Anyanja, zidzukulu za Amaravi, anthu olima, osodza, osula makasu ndi oomba nsaru za thonje. Analibe mfumu imodzi yamphamvu yowasonkhanitsa, koma mudzi uli wonse unali kudziyang'anira wokha pansi pa mafumu ang'onoang'ono. Kwao kwa Ayao kunali kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, m'dziko limene tsopano liri Mozambique. Yohanna Abdallah, wansembe wa Ciyao amene buku lace la mbiri ya Ayao linasindikizidwa mu 1919, anafotokoza kuti mtunduwu unagawikana magulu, ndipo gulu liri lonse linatenga dzina la phiri kapena dera kumene linakhala. Amacinga anali a ku mapiri a ku Mandimba, Amangoci a ku mapiri a Mangoci, ndipo panalinso Amasaninga ndi ena. Dzina la boma lathu licokera ku gulu limeneli la Amacinga, ndipo Kawinga anali mmodzi wa atsogoleri ace.

Pakati pa zaka za m'ma 1800 njala ndi nkhondo za Alolo ndi Amakua zinasautsa Amacinga kwao. Iwo posamuka anakankha Amangoci, Amangociwo nathawira kumwera, nalowa m'midzi ya Anyanja ya ku Ciradzulu ndi ku Kabula. Poyamba alendo anali kufika mwamtendere ndi kupempha malo, koma atacuruka, popeza anali ndi mfuti ndipo eni dziko anali ndi mauta okha, analanda ufumu. M'nyengo imeneyi Mponda anakhazikika pamene Shire aturukira m'nyanja, Liwonde m'mbali mwa Shire, Malemia patsinde pa Malosa, ndi Kawinga pa Cikala.

Azungu oyamba anafika pa nthawi yomweyo. David Livingstone ndi John Kirk anaona nyanja ya Cilwa pa 18 April 1859. Mu 1861 Bishop Mackenzie anamanga mishoni ku Magomero, nalowa m'nkhondo ndi Ayao amene anawapeza kumeneko, osadziwa bwino kuti Ayaowo naonso anali othawa anzao amphamvu a kumpoto. M'mabuku a Azungu a masiku amenewo mfumu ya pa Cikala inalembedwa Kainka. Cilala ca 1862 ndi 1863 cinapha anthu ambirimbiri m'cigwa ca Shire, ndipo otsala anathawira kwa ali yense amene anali ndi cakudya ndi mfuti. Ufumu wa Kawinga unakula m'masautso amenewa.

Tiyenera kukumbuka mwambo umodzi wa Ciyao powerenga mbiriyi. Mfumu ikafa, dzina lace limalowedwa ndi mphwace kapena mwana wa mlongo wace, ndipo wolowa dzinayo amasimba nchito za amalume ace monga anazicita yekha. Cotero pa Ciyao munthu ndi dzina sizilekana, ndipo Kawinga wa m'nkhani za akuru ndiye mwini Cikala kuyambira pa kufika kwa Amacinga kufikira tsiku limene mudziwo unagwa.

Ufumu Wace ndi Cuma Cace

Pakati pa Ayao ukuru wa mfumu sunali kuyesedwa ndi kukula kwa dziko, pakuti dziko linali lambiri, koma ndi kucuruka kwa anthu omtsata. Mudzi unali kumangidwa pa mbumba, ndiye kuti alongo ace a mwini mudzi pamodzi ndi ana ao. Koma mbumba imakula pang'onopang'ono, ndiponso ana a mwamuna sakhala ace, amakhala a kwa mai wao. Apa ndi pamene ukapolo unalowera. Mkazi wogwidwa kunkhondo kapena wogulidwa analibe malume womnenera, cotero ana amene anabala anali a mbuye wace, osacoka pamudzi. Mfumu yokhala ndi akazi otere ambiri inali kumanga mudzi waukuru m'zaka zowerengeka. Amuna ogwidwa ena anali kulima ndi kusenza akatundu, koma ambiri anali kugulitsidwa.

Ulendo wa ku gombe unali m'manja mwa mafumu akuru okha, pakuti unafuna anthu ambiri, mfuti zowateteza, ndi miyezi yambiri ya panjira. Popita anali kusenza minyanga ya njobvu ndi kuyendetsa akapolo kunka ku madooko monga Kilwa, Ibo ndi Quelimane. Pobwera anali kutenga nsaru, mikanda, waya wa mkuwa, mfuti ndi wonga. Mfumu inali kugawira nsaruzo kwa eni midzi ndi anyamata ace kuti asaicokere, ndipo mfuti ndi wonga zinali zogwirira anthu ena a ulendo wotsatira. Cinthu cimodzi cinali kubala cinzace: wopanda akapolo analibe wonga, ndipo wopanda wonga anali kusanduka kapolo iye mwini. Mfumu yofuna kuleka malondawa payokha ikanaonongeka ndi anansi ace. Izi sizicotsa mlandu pa Kawinga, koma zitithandiza kuona cifukwa cace sanamvere pamene Azungu anamuuza kuti aleke.

Mu 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar anatseka msika wa akapolo wa pa cisumbu cace, ndipo amene anamkakamiza anali John Kirk yemwe uja anaona Cilwa mu 1859, pakuti pa nthawiyi anali woimira Boma la Angerezi kumeneko. Koma kutseka msika umodzi sikunathetse malonda kumtunda kuno. Anthu anali kuturutsidwabe mobisa pa madooko ang'onoang'ono, ndipo midzi ya m'dambo la Cilwa ndi ya m'mbali mwa Shire inakhalabe ndi mantha zaka zina 20. Amene anamva kuwawa kwa zonsezi anali anthu wamba, makamaka Anyanja, amene ena anathawira pa cisumbu ca Cisi ndi m'mabango a m'nyanja, ena nadzipereka okha kwa mafumu a Ciyao kuti apulumuke.

Anansi Ace

Mdani wamkuru wa Kawinga sanali Mzungu poyamba, koma Myao mnzace, Malemia. Onse awiri anali Amacinga, maiko ao anali oyandikana, ndipo anali kulimbirana anthu ndi njira za malonda. Rev. Duff MacDonald wa ku Blantyre Mission, amene buku lace lochedwa Africana linaturuka mu 1882, anapeza udani umenewu uli wokhazikika kale. Pamene a Church of Scotland, amene anamanga Blantyre mu 1876, anafuna malo ena kumpoto, Malemia anawalandira, ndipo mu 1884 Rev. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko lace. John Buchanan, amene anadza ndi mishoni ya Blantyre, anali atayamba kale minda ya khofi pa Zomba pamodzi ndi abale ace. Kwa Malemia Azunguwa anali abwenzi obweretsa nsaru ndi ulemu. Kwa Kawinga anali anthu olimbitsa mdani wace, okhala pa mtunda wa tsiku limodzi lokha kucokera pa Cikala.

Caka comweco ca 1884 Angoni a Cikusi anaoloka Shire, nasakaza midzi ya ku Zomba ndi ku Blantyre, natenga anthu ambiri. Amene anapulumuka ndi amene anakwera m'mapiri. Nkhondo imeneyi inatsimikizira mafumu a Ciyao kuti mudzi wa paphiri ndiwo moyo, ndipo anthu ambiri a m'cigwa anakwera kukakhala pafupi ndi mfumu yokhala ndi linga. Cotero pamene Boma linali kufika, Kawinga anali pa mphamvu yace yeniyeni.

Kufika kwa Boma

Mu 1889, poopa Apwitikizi amene anali kukwera ndi Shire, Buchanan, amene anali kugwirizira udindo wa Consul, analengeza kuti mapiri a Shire ali pansi pa citetezo ca Angerezi. Mu May 1891 dziko lonse la kumadzulo ndi kumwera kwa Nyanja linalengezedwa Protectorate, ndipo pa 11 June 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano ku Lisbon loika malire m'mbali ya kum'mawa ya Ciuta ndi ya Cilwa. Panalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi imene inafunsidwa. Malirewo anadula pakati pa dziko la Ayao, nasiya Cikala mbali ya Angerezi ndi njira ya ku gombe mbali ya Apwitikizi.

Harry Johnston, Commissioner woyamba, anafika mu July 1891 nakhazika Boma pa Zomba. Anali ndi asilikari Acimwenye 70 otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, ndi ena a ku Zanzibar ndi Amakua, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera Boma lace, mapaundi 10,000 pa caka, zinali kucokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Cimene Johnston analalikira cinali kuthetsa ukapolo, ndipo cimeneco cinali coona. Koma anafunanso kuti mafumu onse abvomere kuti mwini dziko tsopano ndi Boma, apereke msonkho, aleke kugula wonga, ndipo asaweruze milandu yaikuru mwa okha. Kwa mfumu yonga Kawinga kubvomera zimenezi kunali kubvula ufumu.

Kumapeto kwa 1891, atamenyana kale ndi Cikumbu ku Mulanje namanga Fort Johnston moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, a Boma anatembenukira ku Cikala. Buchanan ndi Maguire anakwera ndi asilikari ao, koma phiri linawakanika, Maguire nabvulala. Kawinga, ngakhale sanagonje, anaona kuti ncanzeru kupangana za mtendere, ndipo anasiyidwa pamalo pace. Mu December caka comweco Maguire anaphedwa ndi anthu a Makanjila m'mbali mwa Nyanja, ndipo mu February 1892 Jalasi anathamangitsa nkhondo ya Boma ku mapiri a Mangoci, nalanda mzinga. Pa nthawi imeneyo mafumu a Ciyao anali ndi cifukwa coyesera kuti Azungu angathe kugonjetsedwa.

Koma Boma linali kulimba caka ndi caka. Kumayambiriro kwa 1893 linamenyana ndi Liwonde, nilimanga linga pa Shire, ndipo caka comweco kunafika asilikari enanso a mtundu wa Sikh kucokera ku India. Atonga a ku Bandawe analembedwa usilikari. Msonkho unayamba kukhomedwa, ndipo pofika 1894 unali mashilingi 3 pa nyumba. Kawinga anaona kuti njira zace zirikutsekeka imodzi imodzi, kumadzulo ndi linga la pa Liwonde, kumwera ndi Domasi ndi Zomba.

Nkhondo ya 1895

Kumayambiriro kwa 1895, Johnston ali kunja kwa dziko ndipo Alfred Sharpe akugwirizira Boma, Kawinga anatsitsa nkhondo yace pa midzi ya Malemia, nagwira anthu, naopsa mishoni ya Domasi. Johnston analemba pambuyo pace kuti colinga cinali kucotsa Azungu ku mapiri a Shire, ndi kuti Kawinga anali atapangana ndi Jalasi ndi Matipwiri wa ku Mulanje. Sharpe anatumiza kagulu kakang'ono ka Asikh ndi Atonga, ndi msilikari mmodzi wa Cingerezi, kuti akamange linga m'dziko la Malemia. Ankhondo a Kawinga, amene anali ocuruka kwambiri, anagwera lingalo molimba mtima, koma sanathe kulilowa, ndipo pamene thandizo linafika kucokera ku Zomba anabwerera atataya anzao ambiri. Sharpe sanafune kuwapatsa nthawi yopuma. M'mwezi wa February asilikari a Boma pamodzi ndi anthu a Malemia anakwera Cikala, nalanda mudzi wa mfumu, Kawinga nathawira kum'mawa, kutsidya kwa malire a Apwitikizi.

Zifukwa za kugonja kwace nzosabisika. Coyamba, mfuti zace zinali zija zothira wonga kukamwa, zocedwa kudzaza, pamene a Boma anali ndi mfuti zatsopano ndi mizinga. Caciwiri, pangano la maiko a ku Ulaya la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti ndi wonga kwa anthu a mbali zino, ndipo ngakhale ena anali kugulitsabe mobisa, wonga unayamba kubvuta. Cacitatu, mafumu a Ciyao sanamenye nkhondo pa nthawi imodzi, koma ali yense anadikira paphiri pace kufikira tsiku lace. Cacinai, ambiri mwa anthu okhala pansi pa Kawinga anali ogwidwa kapena ana a ogwidwa, ndipo analibe cifukwa cofera mfumu imene ikanatha kuwagulitsa.

Akuru amati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Caka cisanathe Matipwiri anagonja, Jalasi anathamangitsidwa mu October ndipo pamudzi pace panamangidwa Fort Mangoci, Mponda anadzipereka, mudzi wa Makanjila unalandidwa, ndipo mu December Mlozi anapacikidwa ku Karonga. Kugwa kwa Cikala kunali ciyambi ca caka cimene ufumu wa mfuti unatha m'dziko lino. Kawinga sanakhalenso mwini linga paphiri paja, ndipo masiku a maulendo a ku gombe sanabwererenso.

Dzina Limene Silinafe

Munthu anagonja, koma dzina linatsala. Nkhondo itatha, a m'banja lace ndi anthu ace anakhazikika m'cigwa, ndipo lero likulu la ufumu wa Kawinga liri ku Nanyumbu, dera la Ntaja. Anthu anatsika m'mapiri namwazikana m'midzi ing'onoing'ono. Akapolo ambiri sanabwerere kwao, pakuti kwaoko kunali kutapasuka, koma anatsala monga abale m'midzi ya ambuye ao akale. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alomwe ambiri anaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo mafumu a Ciyao anawalandira ndi manja awiri, popeza mlendo ali yense anali kukuza mudzi. Cisilamu, cimene kale cinali ca mafumu ndi a malonda, cinafalikira m'midzi m'zaka zomwezi. Anyamata a Ciyao, ana a amene anamenyana ndi Boma, analowa ambiri usilikari wa King's African Rifles ndi upolisi.

Poyamba Boma linafuna kulamulira lokha popanda mafumu. Dera lino linachedwa Upper Shire, boma lace pa Liwonde, ndipo Mzungu mmodzi ndi amesenjala ace ndiwo anali kukhometsa msonkho ndi kuweruza milandu. Posacedwa zinaoneka kuti Mzungu mmodzi sangadziwe midzi mazanamazana. Cotero lamulo la 1912 linakhazika mafumu ochedwa Principal Headman kuti athandize Bwana D.C. pa msonkho, pa miseu ndi pa ukhondo wa m'midzi. Malamulo a 1933 anapita patsogolo, nasandutsa mafumu kukhala Native Authority, okhala ndi mabwalo ao a milandu ndi mphamvu yoika malamulo ang'onoang'ono. Pamene J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Amacinga kuyambira 1946 kufikira 1949, kufufuza zimene analemba m'buku lace la The Yao Village la 1956, anapeza wolowa dzina la Kawinga ali Native Authority. Boma lomwelo limene linathamangitsa Kawinga paphiri linabwera kudzapempha dzina lace kuti liyendetsere dziko. Mitchell anaonanso kuti eni midzi anali kulimbiranabe ulemu mwa kucuruka kwa anthu ao, monga m'masiku a Cikala, koma tsopano popanda mfuti.

Lamulo la 1953 linayambitsa ma District Council. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la mafumu la 1967 linapereka kwa President mphamvu yokhazika ndi kucotsa mafumu, ndipo boma lathu, limene linali kuchedwa Kasupe, linapatsidwa dzina la Macinga. Mu 1998 mbali ya kutsidya kwa Shire, kwa Nsamala ndi kwa Kalembo, inapatulidwa kukhala boma la Balaka. Caka comweco kunakhazikitsidwa lamulo latsopano la maboma ang'ono, limene linaika nchito za citukuko m'manja mwa khonsolo ya makhansala osankhidwa, mafumu nakhala m'khonsolomo monga alangizi osaponya voti. Makhansala anasankhidwa mu 2000, koma kuyambira 2005 kufikira 2014 mipando yao inakhala yopanda anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Macinga ndi 438,379 m'boma la Balaka. Anthu ocuruka cotere sangayang'aniridwe ndi mfumu imodzi, ndipo lero pali Kawinga, Liwonde, Nyambi, Mposa, Camba, Mlomba, Cikweo, Ngokwe, Ciwalo, Sitola ndi ena, yense ndi dera lace.

Timuweruze Bwanji?

Alipo ena amene afuna kumuika Kawinga pamodzi ndi omenyera ufulu, popeza anakana kugwadira Azungu. Nzoona kuti anali wolimba mtima, kuti anazindikira msanga cimene Boma linali kufuna, ndi kuti dziko lace linagawidwa ndi alendo iye osafunsidwa. Koma ufulu umene anali kuumenyera unali wa iye yekha ndi akuru ace, ndipo m'kati mwace munali ufulu wogulitsa anthu. Alipo enanso amene amamuona monga cigawenga cabe, monga analembera Azungu amene anamgonjetsa. Amenewa aiwala kuti anakula m'masiku a njala ndi nkhondo, pamene mfumu yopanda mfuti inali kutaya mbumba yace yonse, ndi kuti anthu ambiri anapulumuka Angoni cifukwa ca phiri lace. Aiwalanso kuti Boma limene linathetsa ukapolo ndi lomwelo linadza ndi msonkho, ndipo m'masiku ace munafalikira thangata pa minda ya Azungu.

Ife a Bungwe lino sitingasankhe mbali imodzi ndi kutaya inzace, pakuti m'mitsempha mwathu muli mwazi wa ogwira ndi wa ogwidwa. Palibe mudzi kwa Mposa umene ungati makolo ace onse anali mfulu, kapena onse anali akapolo. Cifukwa cace nkosayenera kuti mbiriyi ikhale conyozera banja liri lonse pa milandu ya malo kapena ya ufumu, monga zimamvekera nthawi zina m'mabwalo. Cimene tingatengepo ndi ici, kuti kuyambira kale ufumu kuno umayesedwa ndi anthu. Kawinga anasonkhanitsa anthu ndi mantha, ndipo tsiku la tsoka manthawo sanamgwirire nchito. Mafumu ndi makhansala a lero ali ndi anthu oposa amene iye anawalota, ndipo adzawasunga pokhapokha akaweruza mosakondera, akagawa malo moona, ndi kufotokoza poyera za ndalama za citukuko. Ifenso tiri ndi mbali yathu, ndiyo kufika pa misonkhano ya makomiti a citukuko a m'midzi ndi a dera, ndi kufunsa mwaulemu koma mosaopa.

Potsiriza, Komiti ipempha mamembala amene ali ndi agogo odziwa nkhani za pa Cikala, za mcere wa ku Cilwa, kapena za kusamuka kwa midzi yao, kuti azilembe akuruwo akali moyo, ndi kuzipereka kwa Mlembi. Ipemphanso kuti tisamale phirilo. Mitengo yace ikutha ndi makala, ndipo mitsinje yocokera m'mapiri athu ndiyo imathirira mpunga wa m'dambo ndi kudzaza nyanja imene timaphamo matemba. Mitengo ikatha, dothi lidzatsikira m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo adzabvutike ndi ana athu a kwa Mposa.